Nyali ya njinga yanga ikuwala ngati koloboyi, ndithandizeni

LOLEMBA

Mwale wa ku Mabvuku: Mwaswera bwanji akuluakulu nonse. Pepani ndalowetsa nkhani yomwe si ya maliro kapena ya mpingo, koma ndikudziwa kuti m'gulu lathu lino muli anthu odziwa za njinga zamoto. Ndili ndi Honda CG125 yomwe anandisiyira malemu malume. Injini ilibe vuto, kiki imodzi yalira. Koma nyali ikuwala ngati koloboyi wotha mafuta. Ndimaweruka ku Msasa, kuno ku Harare, cha m'ma 10 usiku, ndipo pa Mutare Road paja mukudziwa kuti magetsi a mumsewu malo ambiri sayaka. Dzulo dzenje ndaliona nditalowamo kale, pang'onong'ono ndikanasiya mano pa phula.

Mwale wa ku Mabvuku: Sabata yatha ndinagula babu ya 55W m'tauni kuti mwina iwale kwambiri. Ndiye kwaipiratu, ikungofiira ngati khala.

Che Saidi: Aise, za mababu a agogo zinatha. Ika LED basi. Pita ku Kaguvi Street, shopu iliyonse ili nawo. Ine pa yanga ndikayatsa ngakhale agalu a ku Mbare amaganiza kuti kwacha.

aBanda a kombi: Ndiye ndinu amene mumatithobwa m'maso pa Seke Road eti? Che Saidi, tsiku lina mudzatipha.

Che Saidi: Alamu, inu mumayenda ndi nyali ziwiri, ife imodzi. Tisiyeni tidziteteze.

Nachisale: Dikirani a Phiri a ku Gazaland, kwa amakaniko kuja, abwere, ndi ntchito yawo imeneyi. A Phiri, muliko?

Madala a Phiri: Ndiliko mayi, ndimadya kaye. Mwale mwana wanga, usagulenso kanthu. Uyambe wandiyankha mafunso awiri. Ukatsegula kiyi injini isanalire, nyali yakutsogolo imayaka? Chachiwiri, injini ikamalira pang'onopang'ono n'kukoka moto, kuwala kumasintha?

Mwale wa ku Mabvuku: Ndi kiyi yokha siyaka, madala. Imayaka injini ikalira. Ndikaima pa maloboti imachita ngati ikufa, ndikakoka moto imadzuka.

Madala a Phiri: Ndimayembekezera yankho lomwelo. Nyali yako sikudya kuchokera ku batire. Ikudya molunjika kuchokera ku koyilo yomwe ili mkati mwa magineto, ndipo magetsi ake ndi a AC, osinthasintha mbali. Batire pa njinga ngati yako ntchito yake ndi hutala, maindiketa ndi tina ting'onoting'ono. Tsono koyilo ija ili ngati mkazi wophika nsima ya anthu anayi ndi ufa woyezedwa. Iwe wabweretsa mlendo wadyera wa 55W, pomwe malo akewo ndi a 35W. Ufa sunachuluke. Mphamvu ikugwa, kawaya ka m'babu sikakutentha mokwanira, n'chifukwa chake ukuona kufiira. Babu yaikulu siipanga magetsi, imangowapempha.

Madala a Phiri: Bwezera ya 35/35W. Koma uonenso pa batire ngati palembedwa 6V kapena 12V, chifukwa ma CG oyambirira a zaka za m'ma 1970 anali a 6V, a 12V anabwera pambuyo.

Mwale wa ku Mabvuku: Ndaunika ndi tochi ya foni, palembedwa 12V. Koma ya 35W ija ndi yomwe inali yofooka poyamba paja, ndiye ndibwerera pomwe ndinali?

Che Saidi: Mwaona? Mankhwala ndi LED. Imadya pang'ono, imawala kwambiri. Nkhani yatha.

Madala a Phiri: Che Saidi, kuti imadya pang'ono simukunama. Koma yankhani moona, pa njinga yanu ija mwasinthapo angati chaka chino?

Che Saidi: Atatu. Koma awiriwo anali achinyengo.

Madala a Phiri: Mwina sanali achinyengo. LED imafuna magetsi a DC, oyenda mbali imodzi ngati a batire. Mukaipatsa AC imaphethira injini ikakhala pansi, ndipo mukakoka moto kwambiri tizipangizo ta mkati mwake timapsa. Alipo ena olembedwa AC/DC omwe ali ndi kowongolera magetsi mkati, amenewo amapirira ndithu, koma pabokosi aliyense amalemba zomwe akufuna. Sindikuti LED ndi yoipa. Ndikuti ukaika denga latsopano pa khoma lodyedwa ndi chiswe, mvula yoyamba ikuuza.

Nachisale: Chiswe chake n'chiti pa njinga?

Madala a Phiri: Dzimbiri, mayi. Mawa ndifotokoza, maso atopa.

LACHIWIRI

Madala a Phiri: Mwadzuka bwanji. Mwale, tenga cholembera.

Babu ya njinga ya 12V inapangidwa kuti iwale bwino ikamalandira pafupifupi 13V. Ikachepa pang'ono, kuwala sikuchepa pang'ono, kumagwa kwambiri. Ukataya gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu, kuwala kumachoka pafupifupi magawo 3 mwa 10. Tsono pa njinga ya zaka zambiri magetsi amadontha paliponse: pa switchi ya pa handulo, pa timapulagi tomwe tili m'chibade cha nyali, pa soketi ya babu, ndiponso pa earth. Apa pataya pang'ono, apo pang'ono, pofika ku babu atsala otopa.

Earth ndiye wakuba wamkulu. Anthu amaiwala kuti magetsi akapita ku babu ayenera kubwerera. Pa Honda waya wobwerera ndi wobiriwira, wa fulu ndi wabuluu, wa dimu ndi woyera. Wobiriwirayo akaduka kapena akachita dzimbiri, magetsi amafuna njira ina, amadutsa m'mabering'i a khosi la njinga momwe mwadzaza girisi ndi fumbi. Chizindikiro chake, ukakhotetsa handulo nyali imasintha kuwala.

Mwale wa ku Mabvuku: Aaa madala! Zimenezo zimachitika. Ndikakhota kumanzere imachita ngati ikutsinzina. Ine ndimati ndi maso anga.

Che Saidi: Kapena mizimu ya malume ikufuna njinga yawo 😂

Mayi Nankhoma, mlembi: Che Saidi, za malemu tisaseweretse. Komanso ndikumbutse kuti zopereka za mwezi uno zitseka Loweruka, atatu simunapereke, mukudzidziwa.

Che Saidi: Pepani mayi, ndalakwa. Ndipereka Lachisanu.

Madala a Phiri: Mwale, bwereka mita yoyezera magetsi. Poti nyali yako ndi ya AC, uike mita pa AC, ukaika pa DC ikunamiza. Liza injini, yatsa nyali, koka moto ngati ukuyenda, uyeze pa soketi ya babu penipeni babu ili momwemo. Ulembe. Kenaka uchotse waya wakuda wa mita pa soketi, ugunditse pa injini pamalo opanda penti. Nambala ikakwera, kusiyana kwakeko ndi komwe earth yako ikuba. Undiuze ma volt angati.

aBanda a kombi: Mavoti? Chisankho chayambanso?

Madala a Phiri: Ma volt, alamu. Awa saberedwa usiku, amaberedwa ndi dzimbiri masana.

Nachisale: Ine ndifunseko zanga. Ndimayendera odwala m'midzi ya ku Domboshava, nthawi zina kumandidera. Yanga ndi Suzuki yakale ya sitata, nyali imayaka ndi kiyi yokha injini isanalire. Nayonso ndi yofooka. Mankhwala ake ndi omwewo?

Madala a Phiri: Yanu ndi ya DC, mayi, ndipo mwayi wanu ndi waukulu kuposa wa Mwale. Kuyeretsa earth ndi mapulagi n'chimodzimodzi, koma inu mungathe kuika relay. Pakali pano magetsi a nyali yanu akuchoka ku batire, kupita ku kiyi, kukwera ku switchi ya pa handulo, kenaka kutsikira ku babu, m'timawaya toonda ngati ulusi. Relay imafupikitsa ulendowo. Mumakoka waya wonenepa, wa 1.5 kapena 2.5 mm², kuchoka ku batire, n'kuika fyuzi ya 10A pafupi ndi batire penipeni. Wayayo alowe pa nambala 30 ya relay. Nambala 87 ipite ku babu. Waya wakale uja wochokera ku switchi alowe pa 86, ndipo 85 ipite ku earth. Switchi imasanduka wotuma chabe, katundu wolemera akunyamula ndi waya watsopano. Zimafunika ziwiri, ya dimu ndi ya fulu.

Nachisale: Fyuziyo ndi yofunikadi? Mnyamata wina anandiuza kuti imangovutitsa.

Madala a Phiri: Mnyamata ameneyo musamupatsenso njinga. Waya wochoka ku batire wopanda fyuzi akakhuzika pa felemu, amayaka moto, ndipo amadutsa pansi pa thanki ya petulo yomwe ili pakati pa miyendo yanu. Ndinaonapo njinga itapsa yonse chifukwa cha kanthu kotchipa kuposa buledi.

Nachisale: Mayo ine. Ndamva.

Mwale wa ku Mabvuku: Nanga ine sindingaike relay yomweyo, nyali izidya ku batire?

Madala a Phiri: Kuika ungaike, usiku woyamba udzandiyamika, wachitatu udzanditukwana. Njinga yako imatumiza magetsi ochepa kwambiri ku batire, ongokwanira hutala ndi maindiketa. Babu ya 35W imakoka pafupifupi 3A nthawi zonse. Kabatire kako kadzauma usanafike potembenukira ku Mabvuku kangapo. Kuti zitheke pamafunika kusintha njinga yonse ikhale ya DC: kumasula mbali ya koyilo yomwe inalumikizidwa ku earth mkati mwa magineto, n'kuika regulator ina yowongola magetsi onse. Imeneyo ndi ntchito ya pa benchi, si ya pansi pa mtengo wa mango. Tiyambe ndi zaulere.

Tembo wa ku Mufakose: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine yanga ndi Yamaha ya 6V, bambo anaigula akugwira ntchito pa famu ku Mazowe. Mababu akutsogolo amapsa mwezi ndi mwezi. Kodi ndi matenda omwewa?

Madala a Phiri: A Tembo, yang'anani nyali yakumbuyo, ndikhulupirira inapsa kalekale.

Tembo wa ku Mufakose: Inapsadi. Mwadziwa bwanji?

Madala a Phiri: Njinga zambiri zakale za 6V zilibe regulator ya nyali. Anaziwerengera kuti babu yakutsogolo, yakumbuyo ndi ya pa sipidomita zigawane magetsi onse a koyilo. Imodzi ikafa, otsalawo amalandira gawo la malemuyo, amakhuta mpaka kuphulika. Babu ikamalandira mphamvu yopitirira ndi magawo 5 okha pa 100, moyo wake umafupika ndi theka. Bwezerani yakumbuyo ya mawati oyenera, kapena muike ka regulator ka AC ka 6V. Komanso inu a 6V dzimbiri limakupwetekani kawiri, chifukwa kutaya theka la volt pa 6 n'kwakukulu kuposa pa 12.

Tembo wa ku Mufakose: Zaka zonsezi ndimatukwana ogulitsa mababu. Safunsa anadya phula ndithu.

LACHITATU

aBanda a kombi: Ndilankhuleko ine amene ndimakumana nanu maso ndi maso. Sindikudana ndi kuwala. Chomwe chimandipweteka n'chakuti ena mumaika ma LED aja nyali n'kuloza kumwamba ngati mukusaka akadzidzi. Ndikuchokera ku Chitungwiza ndi anthu odzaza, mvula ikuwaza, galasi lanyowa, kenaka kuwala koyera kuja n'kundimenya. Kwa kanthawi sindiona chilichonse, ngakhale munthu wowoloka. Inu mukuganiza kuti mwadziteteza, koma kombi yomwe woyendetsa wake sakuona ikubwera kwa inu nomwe.

Che Saidi: Apa alamu mwanena zomveka. Koma ine ndimaika dimu.

aBanda a kombi: Dimu yanu ndi fulu sizisiyana, ndinakuonani pa Simon Mazorodze.

Madala a Phiri: Chifukwa chake ndi ichi. Chimbale chonyezimira cha m'nyali anachiumba kuti chitole kuwala kuchokera pa kadontho kamodzi, pomwe pamakhala kawaya ka babu. Kawaya ka dimu kali pake, ka fulu kali pake, kusiyana kwake ndi mamilimita ochepa. LED yotchipa ili ndi timaso mbali zonse, tina kutsogolo tina kumbuyo, ndiye chimbale chimangomwaza kuwala ngati wofesa mawere. Pafupi ndi tayala pamawala kwambiri, mitengo imawala, maso a a Banda amawala, koma dzenje lomwe lili mamita 40 kutsogolo silioneka. Ndipo pafupi pakawala kwambiri, diso lako lomwe limachepetsa kuona kutali. Wofuna LED asankhe yomwe timaso take tili pamalo pomwe pamakhala kawaya, ndipo tsinde lake lifanane ndi soketi, kaya ndi BA20D, P15D kapena H4. Zokhomera ndi waya kapena selotepi ayi.

Nachisale: Ine ndinaonanso kuti pa fumbi la ku Domboshava nyali zoyera kwambiri zija zimangopanga khoma loyera kutsogolo. Yachikasu pang'ono imandionetsa bwino msewu.

Che Saidi: Koma kukongola kwake mayi...

Nachisale: Kukongola ndikakuonere m'chipatala?

Tembo wa ku Mufakose: Wina anandiuza zoika kanyali kowonjezera kautali kaja pa handulo.

aBanda a kombi: Konzekerani kucheza ndi apolisi pa rodibuloko. Za nyali za galimoto ndi njinga zili m'malamulo a boma a SI 129 ya 2015, ndipo nyali zowonjezera zosakira nyama zija amaimitsa nazo anthu. Musanaboole chilichonse kafunseni ku VID, ofesi ya boma yoyeza magalimoto.

Madala a Phiri: Kuloza nyali n'kwaulere, aliyense achite madzulo ano. Imikani njinga pamalo osalala mamita 5 kuchoka pa khoma, mukhalepo ngati mukuyenda, matayala ali ndi mpweya wokwanira. Wina ayeze kuchoka pansi kufika pakati pa galasi la nyali, alembe mzere pa khoma pa msinkhu womwewo. Yatsani dimu. Malire a pamwamba a kuwala akhale pansi pa mzerewo ndi masentimita 5 kapena kuposerako pang'ono. Mukamanyamula munthu kapena thumba la ufa kumbuyo, nyali imadzuka, ndiye muitsitsenso. Pa njinga zambiri ndi mabawuti awiri a m'mbali mwa chibade basi.

Mayi Nankhoma, mlembi: Khoma lake lisakhale la tchalitchi chonde, tangopaka laimu.

LACHISANU

Mwale wa ku Mabvuku: Akuluakulu, ndabwera ndi malipoti. Ndinabwereka mita kwa mnzanga wokonza mafiriji. Ndi babu ya 35W, pa soketi inaonetsa 10.6. Nditagunditsa pa injini inakwera kufika 11.7. Nditatsegula chibade ndinapeza zoopsa. Waya wobiriwira anali atagwira ndi tingwe tiwiri tokha, kwinako kunali kobiriwira ndi dzimbiri osati ndi penti. Mapulagi ena malume anawamanga ndi pepala la pulasitiki la shuga. Munalinso chisa cha mavu chouma.

Che Saidi: Mavuwo ndiye amadya magetsi 😂

Mwale wa ku Mabvuku: Ndadula zowola zonse, ndaika mapulagi atsopano, ndakoka waya watsopano wa earth kuchoka pa soketi mpaka pa bawuti ya injini, nditapala ndi sandipepa mpaka chitsulo kuwala. Switchi ya pa handulo ndaitsegula, kasipuling'i kanadumpha ndinakafuna theka la ola m'fumbi, koma ndakapeza. Tsopano pa soketi ikuonetsa 12.6.

Madala a Phiri: Wachita bwino mwana wanga. Kuchoka pa 10.6 kufika pa 12.6, kuwala kwatsala pang'ono kuwirikiza kawiri, ndi babu yomweyo. Wawononga zingati?

Mwale wa ku Mabvuku: Waya ndi mapulagi basi, sizinafike mtengo wa babu ya 55W ija. Koma chimbale chonyezimira chachita mbuu, ndimati mawa ndichikweche ndi polishi wa zitsulo.

Madala a Phiri: AYI. Usayerekeze. Kunyezimira kuja ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, ukapukuta ndi mphamvu kamachoka n'kutsala chitsulo chakuda. Tsuka ndi madzi ofunda ndi kadontho ka sopo wa mbale, uzingozunguza, utsanule, usiye padzuwa chiume chokha. Chikakhala kuti chinasupuka kale, kafune china ku msika wa Magaba ku Mbare, kumapezeka zibade za njinga zakufa. Galasi lakutsogolo ulitsuke mkati ndi kunja. Ndipo ukagula babu, ugule ya halogen ya 35/35W ya tsinde lomwelo, imawala kuposa wamba pa mawati omwewo. Usagwire galasi lake ndi zala, mafuta a m'manja amalipsereza. Gwira ndi kapepala.

Tembo wa ku Mufakose: Ine ndabwezera yakumbuyo. Tiona ngati yakutsogolo ifike Khirisimasi.

Mwale wa ku Mabvuku: Madala, ndaonanso kuti babu yakumbuyo ndi ya mawati 5 ndipo pa sipidomita pali tina tiwiri. Ndikasintha timeneti kukhala LED, yakutsogolo singapezeko chakudya chowonjezera?

Madala a Phiri: Wayamba kuganiza ngati wa ku Gazaland. Pa yako zingatheke poti ili ndi regulator, ndipo phindu lake udzaliona makamaka pa maloboti injini ikakhala pansi. Ugule tolembedwa kuti timalola AC. A Tembo okha asayese, pa yawo kuchepetsa katundu ndi kupha babu yakutsogolo.

Che Saidi: Ndiye pamapeto pake LED yalowabe pa njinga ya Mwale. Ndapambana.

Nachisale: Yalowera kumbuyo ngati mlendo wosaitanidwa.

Che Saidi: Kulowa ndi kulowa. Koma madala, kunena zoona yanga ija yayambanso kuphethira. Ndingabwere nayo?

Madala a Phiri: Bwerani Loweruka m'mawa ndisanatanganidwe. Mubwere ndi babu yakale ija ngati simunataye. Mayi Nachisale, inunso ma relay awiri ndi fyuzi mugule nokha m'tauni kuti musanene kuti ndakudyerani, muone kuti ali ndi miyendo inayi ndipo palembedwa 12V.

aBanda a kombi: Che Saidi akabwera mundiitane, ndidzaimirire kutsogolo kwa njinga yawo poloza nyali. Maso anga ndiwo akhale mita.

Mayi Nankhoma, mlembi: Che Saidi, lero ndi Lachisanu lija.

Che Saidi: Ndatumiza pa EcoCash mayi, onani foni.

LOWERUKA

Mwale wa ku Mabvuku: Ndafika kunyumba 10:40 usiku wathawu. Dzenje lija ndaliona ndili kutali, ndalizemba bwinobwino. Kungoti pafupi nalo pali linanso lomwe sindimalidziwa, lalikulu kuposa loyambalo. Odutsa pa Mutare Road mukapitirira njanji muzigwira chapakati.